Asilikali Anga M'magazi a Tiyamike

Mwezi watha ndinabweza makiyi a kireshi, kuja kolelera ana a eni. Sindinakalambe ayi, koma masiku ano akufuna mlezi wa satifiketi, ine yanga ndi ya Giredi 7, ndiye komiti inandigulira bulangete ndi ketulo, n'kundiimbira nyimbo, basi ntchito yatha. Popeza tsopano ndikukhala pakhomo, ndati ndilembe, Tiyamike mwana wanga, kuti udziwe ntchito imene amako ankagwira ndi zimene zinachitika ku India, chifukwa iwe umangokumbukira tinthochi tating'ono tija ndi TV ya pakhoma. Bambo ako akamafotokoza amayambira pa iwo n'kuthera pa iwo. Malume ako a Jailosi safotokoza n'komwe.

Raffingora, chaka chimene ndinasiya sukulu

Ntchito yoyamba anandipezera ndi achimwene a Jailosi omwewo. Makolo athu anali atamwalira motsatizana pa famu ya fodya imene agogo ako aakulu anafikira pochokera ku Dedza, ndipo amene anatsala ngati mwini mbumba anali iwo, mnyamata wosonkha moto m'mabani a fodya, maso ofiira ndi utsi. Anandigwira dzanja mpaka pa shedi yakale kuseri kwa komboni, n'kunena kwa mayi amene ankayang'anira ana, a Nangozo, kuti, "Uyu sadziwa kanthu koma samanyansidwa." Ndinalembedwa ndi mawu amenewo.

Azimayi akamapita kukasankha fodya ankatisiyira ana pakhomo la shedi ngati matumba, wina akuyamwa chala, wina wadziipitsira kale. Tinali ndi ndowa imodzi, thaulo limodzi, ndi mphika wa phala umene mkazi wa mzungu ankatumiza. A Nangozo anali aukali, ankatukwana m'zinenero zitatu, koma mwana akatentha thupi ankadziwa asanamugwire. Anandiphunzitsa kuyang'ana liwombo, kutsina khungu la pamimba kuti ndione ngati madzi atha m'thupi, kusakaniza shuga ndi mchere. Chaka choyamba chonse ndinadwala. Ana akafiira maso, ine ndifiire. Akatsegula m'mimba, ine ndithamangire kuthengo. Chifuwa, zilonda za pakhosi, chimfine chosatha, moti anyamata a pa komboni anandipatsa dzina loti Sisi Mamina, ndikamadutsa azifwenthera dala. Tsiku lina ndinalira, ndati ndikusiya. A Nangozo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Siya, upite ku fodya ukasanze ndi mankhwala. Kuno umadwala chaka chimodzi, kenako thupi limawadziwa onse." Sindinawakhulupirire, koma zinaterodi. Chaka chachiwiri maso ofiira anabweranso, anagwira komboni yonse mpaka foromani, ine osandikhudza.

Beatrice, zaka za maricho

Famu italandidwa kwa mzungu uja tinatuluka ndi mitolo pamutu. A Nangozo anapita kwa mwana wawo ku Chinhoyi ndipo sindinawaonenso. Ife tinakathera ku Beatrice, m'minda ya anthu amene anapatsidwa malo, kugwira maricho, ganyu wa tsiku ndi tsiku. Ankatitcha Mabhurandaya, anthu opanda kwawo. Ine khasu sindinaligwire nthawi yaitali, chifukwa azimayi anaona kuti ana awo akandiona amasiya kulira, ndiye anayamba kundisiyira pansi pa mtengo wa mkuyu, madzulo aliyense n'kundithirira kapu ya ufa kapena nyemba. Bwana ndinalibe, denga ndinalibe. M'chaka cha 2008 sopo anasowa, shuga anasowa, ndinkasambitsa ana m'manja ndi phulusa, matewera ndinkachapa ndi madzi otentha okha. Kolera itamveka ndinkagona ndi mantha, ndikuwerenga nkhope m'mutu, koma pa mtengo wanga palibe mwana amene tinamuika m'manda.

Ndi komweko kumene ndinakumana ndi bambo ako, Mshona wa mutupo kapena kuti mfunda wa Shumba, ndiye kuti mkango, wokumba golide, wolankhula ngati wailesi. Atabwera kudzafunsira, achimwene analandira zimene anabweretsa, koma ananena pamaso pa anthu kuti, "Kwathu ana ndi a kuchikazi. Inu mudzabereka, ine ndidzalamula." Bambo ako anaseka, ankayesa nthabwala.

Arcturus, chaka chimene unayamba Giredi 1

Tinasamukira ku Arcturus bambo ako atapeza ntchito pa mgodi wina waung'ono, ndipo mpingo unandipatsa kireshi yeniyeni, ya simenti pansi, ya mipando ya pulasitiki, ya makiyi. Iwe unakulira momwemo, pamsana panga ndikupukuta ana a eni. Utayamba sukulu ndinaona mabala akuda m'miyendo yako, ndinayesa wina akukumenya, ndinapita kukakalipira aphunzitsi, Mulungu andikhululukire. Kenako magazi m'mphuno osaleka, milomo yoyera, kutopa pokwera kachitunda ka kusitolo. Ku Harare anati mafuta a m'mafupa ako asiya kupanga magazi. Ankakuthira magazi a anthu ena, ukhale bwino pang'ono, atherenso. Anati mankhwala ake enieni ndi kuika mafuta a m'mafupa a wachibale, koma kuno sachita, amachita kunja. Mpingo unasonkha, anzawo a bambo ako anasonkha, bungwe lina lothandiza ana linanyamula gawo lalikulu. Mwayi wake chitupa changa chinali chitasinthidwa malamulo atsopano a dziko atabwera, sichinkanenanso kuti ndine mlendo, ndiye pasipoti inatuluka.

Atatiyeza ine ndi bambo ako, madokotala anasankha iwowo. Zinandipweteka, sindibisa. Achimwene zinawapweteka koposa atamva kuti magazi ako onse adzasanduka a bambo ako. Anakhala pa mpando wathu wa pakhonde mutu uli pansi, bambo ako akuyendayenda uku akuti, "Mwamva, tsano? Ropa reShumba, magazi a mkango! Tsopano mulamula chiyani?" Tsano ndi mmene Ashona amaitanira mlamu. Achimwene anangoti, "Mwana achire. Koma Esinati, chilichonse chatsopano kumeneko, uyambe wandifunsa ine." Ndinalonjeza.

India, miyezi ya kuseri kwa galasi

Mafuta analowa bwino, anagwira, bambo ako anabwerera ku mgodi akutsimphina monyadira ndi m'chiuno mmene anachotsamo mafutawo. Ine ndinatsala nawe m'kachipinda kamene munthu salowa osasamba m'manja mpaka m'zigongono, osavala masiki. Anandiuza kuti asilikali a m'thupi mwako, aja amene amamenyana ndi matenda, anaphedwa onse ndi mankhwala kuti mafuta atsopano asakanidwe, ndipo atsopano amachedwa kukula. Atamva kuti ndimagwira ntchito ya ana, nesi wina anandiwonjezera magolovesi. Kuyambira pamenepo ndinkadziona ngati ndowa ya zinyalala. Ndinkaopa mpweya wanga womwe. Sindinkakupsompsona, ukalira ndinkakusisita ndi dzanja la pulasitiki.

Chizungu changa ndi cha pa famu, ndiye amene anandipulumutsa ndi amake Dalitso, mphunzitsi wa ku Chipata amene mwana wake anali m'chipinda choyandikana. Tinadziwana pa mpopi wosambira m'manja, ine nditadziyankhulira ndekha kuti madzi akuwotcha, iwo n'kuyankha kuti, "Tsegulani wa kumanzere, amama." Ndinangotsala pang'ono kuwakumbatira ndi sopo yemwe.

Tinali titayamba kukamba zotuluka pamene unayamba kutsegula m'mimba. Ine zotsegula m'mimba ndaziona za mitundu yonse, koma izi zinali madzi okhaokha, kenako thupi kutentha, kenako mkodzo wa magazi, ukulira pokodza. Dokotala wako anali mayi wamfupi wa tsitsi la imvi lomanga kumbuyo, woyenda mofulumira. Anati ndi kavairasi kotchedwa adeno, kamene kwa ana ena kamangofiiritsa maso ndi kupatsa chimfine, koma kwa iwe wopanda asilikali kakuyenda paliponse. Anakupatsa mankhwala a m'diripi. Nthawi iliyonse akayeza magazi ankandionetsa ndi dzanja, kukweza m'mwamba, kutanthauza kuti kakuchuluka. Kenako anati mankhwalawo ayamba kuwononga impso, sangapitirize. Nkhope yako inatupa, maso anachepa, unasiya kufunsa za TV.

M'mawa wina dokotalayo anatiitana mu ofesi, ine ndi amake Dalitso, natenga pepala n'kuyamba kujambula timipira. Amake Dalitso ankamasulira pang'onopang'ono.

"Akuti munthu amene anadwalapo kavairasi aka n'kuchira, m'magazi mwake mumatsala asilikali amene amakadziwa nkhope. Si onse, ndi ochepa pakati pa chikhamu. Akuti angathe kuwasankha okhawo n'kumupatsa mwana."

"Ndiye aitane bambo ake," ndinatero.

"Akuti magazi a bambo ake anasungako, ayesa kale. Asilikali otere alimo ochepa kwambiri, sangakwane. Akufuna ayese anu."

Ndinaseka, Tiya, kuseka kwa mantha. Miyezi yonse ija akundiveka magolovesi, lero akufuna zimene zili m'kati mwanga? Ananditenga kabotolo kamodzi. Patapita masiku dokotala anabwera yekha m'chipinda, maso akuwala pamwamba pa masiki, nandifunsa kuti ntchito ya ana ndagwira zaka zingati. Ndinati kuyambira ndili mtsikana. Anagwedeza mutu. Ndinafunsa kudzera mwa amake Dalitso ngati ndi chifukwa chake. Iye anati sangalumbire, akuluakulu ambiri ali nawo asilikali amenewa, koma anga ndi ambiri ndipo ndi ogalamuka, ngati a munthu amene amakumana nako kawirikawiri.

Kenako ananena mbali inayo, ndipo sanaibise. Iwe ndi ine timafanana theka lokha. Pakati pa asilikali osankhidwawo pangalowe ena osokera amene sadzaona kavairasi koma adzaona iwe ngati mdani, n'kuyamba kudya khungu lako kuyambira m'zikhatho, kenako matumbo, chiwindi. Anati amayesetsa kusefa, ndipo nthawi zambiri sizichitika moopsa, koma zikhoza kuchitika, ndipo mwana wofooka chonchi zikhoza kumutenga. Anatinso mwina asilikaliwo sagwira ntchito n'komwe. Ndinafunsa kuti tikapanda kutero? Anayang'ana pepala lake.

Ndinayamba kuimbira bambo ako. Munthu uja wolankhula ngati wailesi anangoti, "Mai Tiya, handizivi, sindikudziwa. Ine ndinapereka anga, taona mmene zathera. Awa ndi magazi a kwanu. Funsa tsano." Ndinamva kuti akulira, anzawo akuwaitana kuti alowe mu mgodi.

Achimwene ndinawapeza ali kumunda ku Beatrice, mphepo ikuwomba mu foni. Ndinafotokoza zonse mothamanga, za timipira, za theka, za osokera, za zikhatho. Anandisiya ndimalize.

"Wati angamudye?"

"Akuti mwina, achimwene. Akuti kawirikawiri ayi."

"Esinati, tamvera. Mwana akafa ndi matenda, anthu adzati ndi Mulungu. Akafa ndi magazi ako, ndi mlandu. Ukuwadziwa anthu a kwa amuna ako. Adzati Mubhurandaya wapha mwana wathu, adzati mzimu wake ukufuna malipiro, adzatilondola mpaka kwa zidzukulu. Nanga iweyo udzagona bwanji moyo wako wonse?"

"Nanga ndingomuyang'ana?"

"Ndiponso makina okoka magazi a munthu wamoyo, thupi lonse, unawaonapo kuti? Ndinaika amayi, ndinaika abambo. Ukufuna ndilandire mabokosi awiri pa bwalo la ndege? Ndakana. Ngati alephera, abweze mwana wathu adzagone pakati pa abale ake."

"Achimwene..."

"Ndakana, mlongo wanga. Ndine mwini mbumba. Unalonjeza."

Usawaone ngati munthu woipa. Anandilera ndi ndalama ya utsi, anadzimana nsapato kuti ine ndifike Giredi 7, ndipo chibadwire ndinali ndisanawatsutsepo, ngakhale pa nkhani ya diresi. Kwathu mkazi sagamula yekha za moyo wa mwana, ngakhale anamubereka ndi iye. Ndinabwerera m'chipinda, ndinasamba m'manja, ndinavala zonse, ndinakhala pambali pako. Unali maso. Ndinachita zimene ndachita kwa ana a anthu moyo wanga wonse, ndinatsina khungu la pamimba pako, ndinayang'ana lilime, ndinayang'ana mmene nthiti zikukokera mpweya, ndinayang'ana maso mmene akutsatira dzanja langa mochedwa. Achimwene anali kutali, ankaona mlandu. Ine ndinali pafupi, ndipo nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ndinaionapo ku Raffingora pa ana awiri, ndipo onse awiri sanafike Lamlungu. Mwana wotere sakwera ndege. Zoti abwere adzagone pakati pa abale zinali zoti abwere m'bokosi basi.

Ndinagogoda kwa amake Dalitso. "Tiyeni mukandiuzire dokotala kuti ndavomera."

"Akunyumba alola?"

"Akana."

Anavala mapatapata awo. Pepala ndinasaina ndekha, dzina langa lonse. Foni ndinaizimitsa n'kuiika pansi pa sutikesi.

Makina aja ndinawaopa, sindinama. Anandigoneka pa mpando wautali, singano mkono uwu, singano mkono uwo, magazi akutuluka mbali imodzi, kuzungulira m'chinthu cholira ngati chigayo chakutali, n'kubwerera mbali inayo. Ndinkayang'ana chubu kuti ndione ngati akubwereradi. Milomo inachita dzanzi, zala zinauma, nesi anandipatsa mapiritsi oyera otafuna ngati choko, zinaleka. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zimene anasunga zinali kathumba kamodzi ka madzi ofiirira ngati otsukira nyama. Zina zonse anandibwezera. Ndinadzuka ndekha, ndinayenda ndekha.

Ndinapempha kuti ndione kumene akupita nako, chifukwa ine chinthu cha mwana sindichisiya m'manja mwa munthu osaona. Dokotala anaseka, koma mawa lake ananditengera pansi, pa chitseko cha galasi, nati apa ndiye polekezera. M'katimo munali anthu awiri ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndi makina okhala ndi timachubu topotanapotana. Anafotokoza, amake Dalitso akumasulira. Akuti m'kathumba kanga anathiramo tizidutswa ta kavairasi, takufa, tosadwalitsa, ngati kununkhiza galu chovala cha wakuba. Asilikali osakadziwa amangokhala. Amene amakadziwa amadzidzimuka n'kuyamba kutulutsa thovu lawo la nkhondo. Ndiye amathiramo mankhwala ena onyamula tizitsulo tosaoneka ndi maso, timene timamatirira pa okhawo a thovu. Kenako zonse zimadutsa pa maginito. Chikhamu chonse chimapitirira, a tizitsulo amakanirira. Akazimitsa maginito, amagwera m'kathumba kawokawo. Asanakupatse amawerenga kuti osokera ndi angati ndipo amayeza ngati mulibe dothi.

"Ndiye maginito ngati a pa chitseko cha firiji?" ndinafunsa.

Amake Dalitso anati, "Amama, musandichititse manyazi." Koma anafunsabe, ndipo dokotala anati inde, achibale ake, kungoti awa ndi amphamvu.

Atabwera nazo m'chipinda ndinakhumudwa. Ndinkayembekeza chithumba chachikulu. Anabwera ndi jakisoni mmodzi wa madzi oyera, osakwana ndi kapu ya tiyi yomwe. Ndinati zonse zija, kukangana ndi achimwene, n'chifukwa cha aka? Anakankhira mu chubu cha pachifuwa pako pang'onopang'ono, asanamalize n'komwe kundifunsa ngati ndadya, zinali zitatha. Iwe unali m'tulo.

Ndiye kudikira. Anali atandiuza kale kuti asilikali osokera amayamba kuonekera m'zikhatho ndi kumapazi, kufiira ngati wapsa. Tiya, zikhatho zako ndinaziyang'ana mpaka unayamba kuzibisa m'khwapa. Sabata yoyamba dzanja la dokotala linakwerabe m'mwamba. Mawu a achimwene ankangolira m'makutu mwanga. Kenako kuseri kwa makutu ako kunatuluka totupa tofiira, ndinathamanga m'khonde opanda nsapato ndikukuwa Chichewa kwa amwenye. Dokotala anayang'ana, anayang'ananso, nati ndi zochepa, apaka mafuta, tiziona. Sizinafalikire. Sabata yotsatira analowa, anaima pakhomo, anaika dzanja chopingasa. Sikakukwera. Ulendo wina analitsitsa pang'ono. Mkodzo unayamba kuyera. Tsiku lina masana ndikuchapa kabudula wako pa sinki ndinamva mawu kumbuyo kwanga, aang'ono, okwiya: "Amayi, mwandizimitsira TV." Ndinasiya kabudula m'madzi, ndinathamanga kukaiyatsa.

Tsiku limene dzanja la dokotala linafika pa bondo lake n'kunena kuti sakukaonanso m'magazi, ndinayatsa foni. Munali mauthenga ambiri a bambo ako. A achimwene munalibe ndi umodzi womwe. Ndinawalembera kuti ndinachita zimene munakana, mwana ali moyo. Sanayankhe.

Ndinafunsa dokotala ngati asilikali anga adzakhala mwa iwe mpaka kale. Anati mwina ayi, amagwira ntchito kwa kanthawi, kenako a mafuta a bambo ako akakula amatenga malo. Choncho bambo ako akamati magazi ako onse ndi a Shumba, sanama, usawatsutse. Ine ndimangowafunsa kuti pamene mikango yawo inali makanda, pakhomo ankalondera ndani. Amasintha nkhani.

Dalitso sanachire. Amake ananditumizira uthenga tili kale kuno, ndipo mpaka lero timaimbirana pa Khirisimasi. Ndalemba dzina lake pano kuti ulidziwe.

Arcturus, titabwerera

Anthu anadzaza pakhomo, a mpingo, a ku mgodi, azimayi a ana anga a ku kireshi, onse ataima patali monga tinawapemphera, iwe uli pakhonde ndi masiki ndi kamutu kopanda tsitsi. Achimwene sanabwere. Sabata inatha, ina inatha. Ndinkati ndikamva kombi yaima pa msewu ndisuzumire, kenako ndidzikalipire.

Anabwera Loweruka lina m'mawa, osatumiza mawu, atavala jekete lawo la kutchalitchi, akukoka mwendo wamanzere. Ndinawapatsa madzi ndi sopo, anasamba m'manja osatsutsa. Ndinagwada kuwapatsa moni, anayankha mwachidule osandiyang'ana. Anakuitana, anagwira manja ako awiri, anawatembenuza, anayang'ana zikhatho nthawi yaitali, ndiye ndinadziwa kuti zimene ndinawauza pa foni paja anazisunga zonse. Anakufunsa ngati ukudya. Unati umafuna maputi, mbuliwuli zija, koma amayi akukaniza. Anati amako ndi wovuta kuyambira kale. Bambo ako anafuna kuyamba za Shumba, ndinawaponda phazi.

Iwe utalowa m'nyumba, anatembenukira kwa ine.

"Esinati."

"Wawa, achimwene."

"Chilolezo anakupatsa ndani?"

Ndinati, "Palibe."

"Ukanamupha?"

"Ndikanabwera kudzakuuzani ndekha. Mlandu ukanakhala wanga."

Anayang'ana ku mulu wa dothi la mgodi. Kenako anawerama, anakwinya buluku mpaka pa bondo. Pa msongolo panali chilonda chachikulu chakuda m'mbali, chomangidwa ndi kansalu, ndipo fungo lake ndinalimva ndili pomwe ndinagwada.

"Chayamba kalekale," anatero. "Ku kiliniki akuti ndipite ku Harare, akuti mwina adula, mwina sadula, amalankhula zambiri, ine sindimva. Lolemba upemphe tchuthi ku ana akowo. Ukandiperekeze."

"Ndikaperekeza, achimwene."

"Ukayankhule ndiwe. Chimene ukanene, ndichita chomwecho."